Chipewa cha a Ordell Rustad

A Ordell Rustad akamva nyimbo ankavula chipewa. Sizinali za nyimbo ya fuko yokha kapena ya kutchalitchi ayi. Nyimbo iliyonse, ngakhale ya pawayilesi yotsatsa feteleza, iwo chipewa m'manja, dazi pamtunda, mpaka nyimboyo ithe. Ikatha ankavalanso n'kupitiriza nkhani pomwe anailekezera. Khalidweli analitengera kwa bambo awo, amene ankaimba limba kutchalitchi cha Lutheran, ndipo ankati nyimbo ndi mlendo, ikalowa mwamuna amaipatsa ulemu.

Kwa zaka makumi anayi a Ordell ankapereka makalata m'mafamu a tirigu ozungulira katawuni kathu kuno ku North Dakota. Wayilesi ya m'galimoto mwawo sinkazima. Alimi akawaona akudutsa ankadziwiratu zimene zili pawayilesi: chipewa chikakhala kumutu ndiye kuti akulengeza mitengo ya tirigu, dazi likamawala ndiye kuti kuli nyimbo.

Kutsidya kwa msewu, moyang'anizana ndi nyumba yawo, kunkakhala a Milo Kasprick, amene ankawotcherera zitsulo za mathirakitala asanapume pantchito. Anthu awiriwa anakhala moyandikana zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. A Milo sankalankhulalankhula. Ankakonda kukhala pazenera ndi kapu ya khofi n'kumaona zochitika mumsewu, ndipo zambiri zimene ankaona ankazisunga mumtima.

Akazi a a Ordell, mayi Ardis, ankaimba m'kwaya. Atamwalira, m'nyumbamo munatsala a Ordell okha. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Renae, anali namwino ku Fargo, ulendo wa maola atatu pagalimoto. Pa Khirisimasi yachiwiri chimwalirire mayi ake, Renae anawabweretsera bambo ake foni yatsopano ndi kabokosi kakang'ono ngati ka machesi. M'kabokosimo munali timahedifoni tiwiri topanda chingwe, tolowetsa m'khutu.

M'mawa wotsatira a Ordell anakanena nkhaniyi kulesitilanti ya Marlys, kumene madoda a m'tawuni muno amamwera khofi.

"Taonani zimene andigulira," anatero akutsegula kabokosiko patebulo. "Ndili mwana amayi anandikwapula chifukwa cholowetsa nyemba m'khutu. Lero ndakwanitsa zaka 79, mwana wanga akundigulira nyemba zamagetsi."

"Tayesani tikuoneni, akulu," anatero Marlys akuwathirira khofi.

"Ine? Ndizioneka ngati ng'ombe yoikidwa chizindikiro kukhutu? Mukadzandiona nditavala zimenezi, mudzandigwire mukanditsekere."

Onse anaseka, kabokosi kanabwerera m'thumba, nkhani inathera pomwepo. Renae atawaimbira kufunsa ngati timahedifoni tija tikugwira bwino, anamuuza kuti anatiika m'dirowa.

Januwale atafika kunabwera kuzizira kwa chaka chimenecho kumene anthu akukukambabe. Mpweya unkaluma m'mphuno, magalimoto ankakana kulira. Ndi m'masiku amenewo pamene a Ordell anayamba kuoneka mumsewu m'mawa uliwonse, atavala jekete lalikulu, kolala ataiimika mpaka m'makutu, magolovesi m'manja, koma mutu uli pamtunda. Chipewa chawo chaubweya ankachinyamula m'manja. Ankatsika ndi msewu wopita kunjanji, nthawi zina n'kuima chilili pakati pa njira, maso ali kutali. Munthu akawapatsa moni kumbuyo sankacheuka. Woyendetsa galimoto yokankha chipale chofewa mumsewu anawaimbira hutala kawiri, iwo osasuntha, mpaka anachita kuwalambalala.

Kuno munthu sumufunsa kuti kodi mutu ukuyenda bwino. Umamufunsa za nyengo. Choncho aliyense wokumana ndi a Ordell ankangoti, "Kwazizira lerotu, eti?" akuyang'ana dazi lija. Iwo, akakhala kuti amuona munthuyo, ankayankha mokuwa kuti, "Kwazizira zedi!" n'kumapita. Kenako amayi a kutchalitchi anayamba kusiya mbale za chakudya pakhomo pawo, mbatata zophika ndi nyama mu uvuni, monga timachitira pakhomo pakagwa matenda. Pofika sabata yachitatu mbale zinali zisanu ndi imodzi. A Ordell ankangodabwa, koma poti kufunsa n'kupanda ulemu, ankadya.

Amene anaimbira foni Renae anali Marlys. Lachitatu masana Renae anaimbira a Milo.

"Amalume, mundiuze zoona. Adadi akuyenda opanda chipewa?"

"Eya."

"Tsiku lililonse?"

"Eya."

"Anthu akawalankhula sakuyankha?"

"Nthawi zina."

Renae anapumira m'mwamba. Anati zimenezi amaziona kuntchito, ndipo amadziwa mmene zimayambira ndi mmene zimathera. Tsiku lina munthu amatuluka osadziwanso njira yobwerera, ndipo m'nyengo ngati ino amamupeza atauma. Kunyumba ina yosungirako okalamba pafupi ndi kwake ku Fargo kunali kutapezeka malo, koma ankafuna yankho pofika Lolemba, apo ayi apatsa wina. Iye abwera Loweruka ndi mapepala. Nyumba adzaigulitsa chipale chikasungunuka.

"Musawauze kaye, amalume. Ndidzawauza ndekha."

A Milo anaika foni pansi n'kuyang'ana kutsidya. Anakumbukira chaka chimene a Ordell ndi mayi Ardis ankakhoma okha khonde la nyumba yawoyo, akukangana za misomali. Anaganiza za zenera la nyumbayo litakhala ndi makatani a anthu ena.

Lachinayi m'mawa anavala zofunda zawo zonse n'kuwatsatira anzawo chapatali. A Ordell ankayenda bwinobwino, osadzandira. Pamphambano anayang'ana uku ndi uku asanawoloke. Munthu wosokonezeka mutu sayang'ana chotero, anaganiza a Milo. Atadutsa nkhokwe zazikulu za tirigu, anaona chinthu chimene anthu a m'magalimoto sakanachiona. A Ordell anavala chipewa. Anayenda nacho masitepe asanu kapena asanu ndi limodzi, n'kuchivulanso.

A Milo anakankha golovesi n'kuyang'ana wotchi. Patatha mphindi zitatu ndi theka chipewa chinabwerera kumutu. Masitepe asanu, chinatsikanso. Ulendo wotsatira zinatenga mphindi zinayi. A Milo anaima pakati pa msewu, mpweya ukutuluka ngati utsi, ndipo anaona m'maganizo galimoto ya makalata ija ikudutsa m'minda ya tirigu, dazi likuwala pazenera.

Anafulumira, nawagwira paphewa. A Ordell anadzidzimuka mpaka chipewa chinagwera m'chipale.

"Mufuna kundipha?" anakuwa, mawu ake omveka mpaka kunjanji.

A Milo anangotambasula dzanja n'kupinda kolala ya jekete ija. Pansi pa tsitsi loyera la m'mbali mwa khutu panali kanyemba kamagetsi kaja.

"Ng'ombe yoikidwa chizindikiro," anatero a Milo.

A Ordell anatulutsa timahedifoni tonse tiwiri n'kutifumbata. Nsonga za makutu awo zinali zotuwa ndi chisanu. "Mukauza Marlys, makwerero anga munabwereka aja mubweze lero lomwe."

Anakakhala kukhitchini kwa a Ordell, mbale zisanu ndi imodzi zotsukatsuka zitasanjikizana pafupi ndi sinki. Khofi atathiridwa, a Ordell anafotokoza, maso ali pakapu. Renae anali atatenga matepi akale a kwaya, aja ankajambula pa Isitala ndi pa Khirisimasi, n'kuika nyimbo zonse m'foni muja. Tsiku lina masana, atasowa chochita, anati angoyesa kuti aone chimene ana amapengera nacho.

"Poyamba ndinangomva ngati ndamira m'madzi. Firiji zii, wotchi zii. Ndinkamva mtima wanga ndi mano anga basi. Ndinati izi n'zopusa, ndichotse. Ndiye chala chinagunda pafoni paja." Anatembenuza kapu. "Wayilesi, achimwene, imaimbira m'chipinda. Iwe uli apa, iyo ili apo. Koma iti timaimbira m'kati mwa mutu. Limba linamveka kumanzere, amuna kumbuyo kuno, ndipo Ardis anali apa." Anagwira kuseri kwa khutu lamanja. "Zaka makumi asanu ndakhala ndikumumvera ndili pabenchi lachinayi. Sindinkadziwa kuti asanayambe ndime amakoka mpweya kawiri, koyamba pang'ono, kachiwiri kwambiri. Mulinso pena pamene akutsokomola, kenako akuseka chapansipansi. Tepi imeneyo ndaimvera kambirimbiri pawayilesi ya m'chipinda muja. Kusekako sindinakumvepo."

"Nanga bwanji osamvera muli m'nyumba, pofunda?"

"Ndinayesa. Ndinkangocheukira kuchitofu ngati ndimuona. Panja ndiye zimakhala bwino. Tinkayenda limodzi njira imene ija."

Anapukuta kahedifoni kamodzi pamalaya n'kuwapatsa a Milo. Iwo anakalowetsa mokayikira, kanagwa, anakalowetsanso. Anamvetsera mpaka nyimbo inatha. Atakachotsa anakaika patebulo pang'onopang'ono ngati dzira.

"Ndi iyeyo," anatero.

Kenako anaswa lonjezo limene anamupatsa Renae. Anawauza za foni ya Marlys, za tanthauzo la mbale zija, za malo a ku Fargo ndi mapepala a Loweruka. A Ordell anayang'ana mbalezo nthawi yaitali.

"Ndiye ndakhala ndikudya chakudya cha odwala?"

"Mwanenepa nacho."

"Anthu inu! Osangondifunsa bwanji?"

"Inu munafunsa za mbalezo?"

A Milo anati nkhani yake ndi yosavuta: Loweruka amuonetse mwanayo timahedifoni, amuuze zonse.

"Ndimuuze kuti m'mawa uliwonse ndimakayenda ndi mayi ake? Ameneyo ndi namwino, achimwene. Akangomva zimenezo abwera ndi mapepala ena owonjezera. Komanso ndinamunamiza kuti zili m'dirowa. Komanso Marlys..."

"Sankhani. Akusekeni Marlys, kapena mukadye phala la ku Fargo."

"Inu Akatolika kuulula munazolowera. Ife sititero."

Loweruka Renae anafika dzuwa lili pamutu. A Milo anadikira theka la ola, kenako anatenga fosholo ya chipale imene anabwereka zaka zitatu zapitazo, n'kuwoloka msewu ngati akukabweza. Anapeza bambo ndi mwana atakhala patebulo, mapepala ali pakati. Renae maso anali ofiira. Ankalankhula mofatsa, mmene amalankhulira ndi odwala ake, kuti chipindacho chili ndi zenera loyang'ana kumitengo, ndipo iye azibwera tsiku lililonse akaweruka. A Ordell ankangogwedeza mutu n'kumanena kuti msewu wa ku Fargo uyenera kuti unali woterera.

"Adadi, mwamva zimene ndanena?"

"Ndamva, mwana wanga. Akuti mawa kugwanso china chipale."

Anatenga cholembera n'kumachitembenuza m'manja. A Milo ankawadziwa bwino anzawowo. Munthu ameneyu akanatha kusaina nyumba yake yonse pofuna kupewa kunena mawu atatu okhudza mtima wake. A Milo anatsamiritsa fosholo kukhoma, napita pamene panapachikidwa jekete lija, napisa m'thumba, n'kuika kabokosi kaja pamwamba pa mapepala. Kenako anadzithirira khofi.

Renae anayang'ana kabokosiko. "Si munati zili m'dirowa izi?"

Anakatsegula. Timahedifoni tinali titasintha mtundu, timphira take tili ndi phula la m'khutu. Anatiyang'ana ndi diso la unamwino, kenako anayang'ana bambo ake.

"Izi zavalidwa tsiku lililonse."

"Chipewa amavula mphindi zitatu ndi theka," anatero a Milo. "Amavala masitepe asanu. Kenako amavulanso. Ndinawerenga ndi wotchi."

Renae anakulira m'nyumba imeneyo, ndipo sanafunikire kuuzidwa kawiri. Anagwira pakamwa. A Ordell, nkhope ili gwaa kuyang'ana pazenera, anatulutsa foni, naisinthasintha ndi chala chawo chachikulu, n'kumukankhira kahedifoni kamodzi.

"Yachitatuyo," anatero. "Umvetsere ikamatha ndime yoyamba."

Renae anapukuta kahedifoniko ndi kansalu, nakalowetsa. Kukhitchini kunali zii, kupatula firiji. Patapita kanthawi anaseka mwadzidzidzi, misozi ili mbwembwembwe.

"Akuseka! Amami akuseka pakati pa nyimbo ya Isitala!"

"Woimba limba anaphonya," anatero a Ordell. "Mayi ako anandiuza madzulo ake."

Anamvera nyimbo zitatu, wina khutu lamanja, wina lamanzere. Kenako Renae anapukuta maso, ndipo namwino uja anabwerera. Anawagwira bambo ake mutu n'kuwaunika makutu.

"Taonani nsonga izi. Sabata ina imodzi akanazidula. Ndiponso galimoto yokankha chipale ija ikanakugundani. Mutu wanu uli bwino, Adadi, koma nzeru ndiye mulibe."

Anaika malamulo awiri. Loyamba, panja azivala kahedifoni kamodzi kokha, khutu linalo lizimvera magalimoto ndi anthu. A Ordell anavomera. Lachiwiri, chipewa chisamachoke kumutu kufikira mwezi wa Epulo.

"Chimenecho ayi."

"Adadi!"

"Nyimbo ikuimba, ine chipewa kumutu? Pamaso pa mayi ako? Bola ubweretse mapepalawo."

Anakangana mpaka khofi anazizira. Renae anaimirira mokwiya kuti akatenge jekete lake, ndipo kuseri kwa chitseko anaona mpango wofiira waubweya wa mayi ake, uli pamsomali pomwe unkakhala kale. Anauchotsa, naukutumula.

"Agogo ankati mwamuna azivula chiyani?"

"Chipewa."

"Za mpango ananenapo?"

A Ordell anaganiza mofatsa, monga munthu wofuna kuweruza mwachilungamo. "Sananenepo."

Renae anawafunditsa mpangowo kumutu n'kuumanga pansi pa chibwano. A Milo anayang'ana m'kapu mwawo kwa nthawi ndithu, mapewa akugwedezeka. Mapepala aja anabwerera ku Fargo osasainidwa.

Lolemba a Ordell analowa mulesitilanti ya Marlys atamanga mpango wofiira, chipewa m'manja, kanyemba kali kukhutu. Madoda onse anayang'ana kudenga. Marlys yekha ndiye sanapirire.

"Mwadzuka bwanji, agogo aakazi? Paja munati tikadzakuonani mutavala tidzakutsekereni. Ndiitane apolisi kapena mupita nokha?"

"Thira khofi, iwe kazitape."

"Mbale yanga ija ndikuifuna. Yopanda kanthu sindilandira."

Kuno mbale subweza yopanda kanthu, choncho a Ordell anatha sabata yathunthu akuphika mabisiketi potsatira kabuku ka mayi Ardis. Oyamba anapserera. Anthu analandira, nathokoza, nanena kuti ndi okoma.

A Ordell anakhalanso m'nyumba yawo nyengo zozizira ziwiri. M'mawa uliwonse a Milo ankaona mpango wofiira ukutsika ndi msewu wa kunjanji, ndipo masiku ena ankawatsatira n'kupatsidwa kahedifoni kotsalako. Ankayenda moyandikana osalankhula. A Milo ankavala chipewa chawo, ndipo a Ordell ankati Mulungu awakhululukira poti sanaleredwe bwino.

Chaka chachitatu, masamba atayamba kugwa, a Ordell anaterereka pamasitepe a khonde lija n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Atatuluka m'chipatala ananena okha kuti nthawi yakwana, ndipo Renae anawakonzera chipinda kunyumba kwake. Tsiku lonyamuka a Milo anathandiza kunyamula makatoni. Atatha anaima m'mphepete mwa msewu, manja m'matumba.

"Fosholo ija ndakusiyirani," anatero a Ordell ali pampando wakutsogolo, zenera lili lotsitsa. "Ndi makwerero omwe. Zinali kale ngati zanu."

"Msewu ukhala wouma lero," anatero a Milo.

"Wouma, eya."

Renae analiza galimoto. Itayamba kusuntha, a Ordell anakweza dzanja n'kuvula chipewa. A Milo anadabwa, poti pa zaka zonse zija mnzawoyo anali asanawavulirepo chipewa, ndipo anayamba kutulutsa dzanja m'thumba kuti nawonso avule chawo. Pomwepo anamva kuchokera pazenera lija kuti wayilesi ya m'galimoto yayamba nyimbo. Anabweza dzanja m'thumba. Galimoto inatsika ndi msewu, n'kukhota pa nkhokwe za tirigu, dazi likuonekabe pagalasi lakumbuyo.